Basi amaitsatsa, koma tikiti amaibisa

Mukaona uthenga wa kampani ya mabasi pa Facebook kapena pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu, chimene chimadzaza malo onse ndi basi yeniyeniyo: yayitali, yonyezimira, mipando yopendekeka, potchajira foni, mwina ndi chimbudzi cha m'kati. M'munsi mwake muli nambala za foni ziwiri kapena zitatu ndi nthawi yonyamukira. Za tikiti mulibe. Wokwera amadziwa kuti akhala pa mpando wofewa, koma sadziwa ngati mwana wake wa zaka zinayi alipira, ngati thumba la ufa lili ndi mtengo wakewake, ngati wotsikira pa Ntcheu alipira chimodzimodzi ndi wokafika ku Lilongwe, kapena ngati ndalama yake ibwezedwa maliro akamulepheretsa kuyenda. Kampani iliyonse ili ndi yankho pa mafunso onsewa. Vuto ndi loti mayankhowo amakhala pakamwa pa wodula matikiti ndi kondakitala, osati pa pepala limene munthu angawerenge asanatulutse ndalama.

Titenge msewu umene anthu ambiri amaudziwa, wa Blantyre kupita ku Lilongwe kudzera pa Zalewa, Chingeni, Ntcheu ndi Dedza, mtunda wa makilomita pafupifupi 310. Pa msewu umodzi womwewu pali mayendedwe atatu. Pali makochi a makampani ngati AXA, Sososo ndi Kwezy, amene ali ndi maofesi awoawo ndipo amanyamuka pa nthawi yoikika. Pali mabasi akuluakulu a pa depoti, oyambira ku Wenela kapena ku depoti ya ku Lilongwe, amene ambiri amanyamuka akadzaza. Ndiye pali maminibasi. Onsewa amagulitsa ulendo umodzi, koma mosiyana, ndipo aliyense ali ndi pamene amaperewera pouza wokwera zimene akugula.

Achikulire amakumbukira masiku a UTM (United Transport Malawi), kampani ya mabasi imene Stagecoach inagula mu 1989 kenako n'kudzakhala Shire Bus Lines. Masiku amenewo munthu akamva kuti Coachline, kapena Express, kapena basi wamba yoima siteji iliyonse, ankadziwiratu kuti alipira zambiri kapena zochepa, ndiponso kuti afika msanga kapena mochedwa. Dzina la basi linkafotokoza tikiti. Sikuti zonse zinali bwino, koma mbali imeneyi inali yomveka chifukwa kampani inali imodzi ndipo mayina ake anazolowereka. Lero makampani ndi ambiri, zimene n'zabwino kwa wokwera, koma mawu ngati "executive" ndi "luxury" aliyense amangodzilembera, ndipo sauza munthu kuti basiyo iima kangati panjira.

Makochi amachita bwino pa zinthu ziwiri: nthawi yonyamukira ndi nambala zoimbira. Izi amazilengeza mosatopa. Pamene pamasowa mawu ndi pa mtengo wa wotsikira panjira. Munthu wa ku Dedza wochokera ku Lilongwe akuyenda makilomita pafupifupi 85 okha, osakwana ndi limodzi mwa magawo atatu a ulendo wonse. Kodi alipire zingati? Pali makampani amene amalipiritsa mtengo wonse, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mpando umene wasiyidwa pa Dedza ukhoza kuyenda wopanda munthu mpaka ku Blantyre, popeza kochi siima paliponse kutola anthu. Ena ali ndi mtengo wa theka la njira. Njira zonse ziwiri n'zololeka. Chosaloleka ndi choti wokwera azimva zimenezi ali kale pa windo, katundu ali m'manja, anthu ali pamzere kumbuyo kwake, moti ngakhale zitamuwawa amangolipira chifukwa cha manyazi.

Kulemba mitengo imeneyi si ntchito yaikulu. Ngati basi imaima malo asanu ndi limodzi, kutanthauza Blantyre, Zalewa, Chingeni, Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe, ndiye kuti maulendo onse amene munthu angayende pakati pa malowa ndi 15 okha. Mitengo 15 imakwana bwinobwino pa pepala limodzi la A3, mayina a malo ali m'mbali ndi pamwamba, mtengo uli pamene mizere yakumana. Pepala limeneli likufunika malo atatu: panja pa ofesi pamene munthu angaliwerenge ofesi ili yotseka, pa windo lodulira matikiti, ndi m'kati mwa basi pafupi ndi chitseko. Zilembo zikhale zazikulu zoti agogo aziwerenga ataima mapazi atatu kuchokera pakhoma, ndipo likhale mu pulasitiki kuti mvula isalifufute.

Eni mabasi ali ndi yankho lawo pa nkhaniyi, ndipo siloti n'kulinyoza. Amati mitengo imasintha pafupipafupi. N'zoona. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo bungwe loona za mafuta la MERA likangolengeza mtengo watsopano wa dizilo, mawa lake mabasi amakwera mtengo. Matayala, oilo ndi zipangizo zonse zimagulidwa kunja. Amene analemba mitengo ndi penti pakhoma analuza. Koma izi zikungotiuza kuti mitengo isalembedwe ndi penti. Pepala losindikiza limasinthidwa pa mphindi zochepa, bola pamwamba pake palembedwe tsiku limene mitengoyo yayamba kugwira ntchito. Tsiku limeneli limathetsa mkangano wina umene umabuka nthawi zonse mafuta akakwera: munthu anagula tikiti Lolemba, mtengo wakwera Lachitatu, ulendo ndi wa Lachisanu, kodi awonjezere? Chilungamo chake n'choti amene analipira kale asawonjezere, chifukwa kampani inagwiritsa kale ntchito ndalama yake. Ngati kampani ili ndi lamulo lina, ilembe pa tikiti pomwepo, munthu adziwe asanalipire.

Za ana ndiye zimadzetsa mapokoso ambiri pa chitseko cha basi. Mayi amabwera ndi mwana wa zaka zisanu akuganiza kuti amukhazika pamiyendo, kondakitala akuti wakula. Kufunsa zaka sikuthandiza, chifukwa palibe amene amayenda ndi chiphaso cha kubadwa cha mwana popita kumudzi. Lamulo losavuta ndi la mpando: mwana wokhala pamiyendo salipira, wofuna mpando wake alipira mtengo wakutiwakuti, ndipo munthu wamkulu mmodzi anyamule mwana mmodzi yekha. Kaya mtengo wa mwanayo ndi theka kaya ndi wonse, ulembedwe. Ulendo wa maola anayi kapena asanu mwana wamkulu ali pamiyendo ndi wowawa kwa mayi ndi kwa woyandikana naye, ndipo amayi ambiri akanagulira ana awo mpando akanadziwa kuti pali mtengo wotsika.

Katundu nayenso ali ndi nkhani yake. Pa depoti mtengo wa katundu umayezedwa ndi maso a kondakitala, ndipo maso amenewa amayang'ana mwini katundu kuposa katunduyo. Thumba lomwelo la makilogalamu 50 lingalipiritsidwe mosiyana kwa anthu awiri okwera basi imodzi, malinga ndi amene amadziwa kunenerera. Pa makochi vuto ndi lina: pali malire a katundu waulere, koma ambiri amawadziwa pamene chikwama chili kale pa sikelo. Nthawi yotsegulira sukulu ndi pamene izi zimaonekera, wophunzira atanyamula matilesi, ndowa, sutikesi ndi chikwama cha kumsana, ndalama m'thumba ili yoyezera tikiti yokha. Makolo amene anamutumizira ndalamayo ali kumudzi, ndipo anawerengera mtengo umene anaona pa Facebook. Mzere umodzi wonena kuti katundu waulere ndi makilogalamu angati, ndipo matilesi, njinga ndi thumba la chimanga ndi zingati, ukanapulumutsa mwanayo. Ndipo katundu wolipiridwa akhale ndi kapepala ka nambala, kena komata pa katunduyo kena kopatsa mwini wake. Popanda kapepalako, katundu akatsitsidwa molakwika pa Ntcheu palibe umboni woti anakwera n'komwe.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi tikiti yopita ndi kubwerera. Iyi ndi tikiti yopindulitsa mbali zonse ziwiri, koma ndi imene imatchulidwa mwa apo ndi apo. Kampani imalandira ndalama ya ulendo wachiwiri masiku angapo ulendowo usanachitike, imadziwiratu kuti basi ya Lamlungu masana ili ndi anthu angati, ndipo wokwera sapitanso kwa opikisana nawo pobwerera. Wokwera naye amakhala ndi mpando wotsimikizika pa nthawi yovuta ngati December, Pasaka kapena mapeto a mwezi. Ngakhale kampani itapanda kuchotsera kalikonse, mpando wotsimikizikawo ndi phindu kale. Komabe wodula matikiti kawirikawiri amangofunsa kuti "Mukupita kuti?" osafunsa kuti "Mubwerera liti?" Funso lachiwirili silitenga masekondi asanu.

Pa tikiti yobwerera pali msampha umodzi wofunika kuufotokoza bwino. Pali tikiti yokhala ndi tsiku lobwerera ndi nambala ya mpando, ndipo pali ina yosatchula tsiku, yoti munthu adzasankha yekha. Yachiwiriyi siisungira munthu mpando ayi. Imangotanthauza kuti ndalama analipira. Amene sanauzidwe zimenezi amafika pa ofesi m'mawa wa tsiku lobwerera tikiti ili m'manja, n'kupeza basi yadzaza, ndipo amaona ngati amubera. Kampani iyenera kulemba pa tikitiyo kuti aimbe foni maola angati ulendo usanachitike kuti amupatse mpando, komanso kuti tikitiyo imatha mphamvu pakapita masiku angati.

Tsopano za kulipira pa foni, zimene zafala kwambiri. Ndondomeko yake nthawi zambiri imayenda chonchi. Munthu amaimba kapena kulemba pa WhatsApp kufunsa ngati malo alipo pa tsiku ndi nthawi imene akufuna. Amapatsidwa nambala yolipirira. Amalipira pa Airtel Money kudzera pa *211#, pa TNM Mpamba kudzera pa *444#, kapena pa banki monga Mo626. Amatumiza uthenga wotsimikiza kapena chithunzi chake ku kampani. Kampani imayankha ndi nambala ya mpando. Masitepe asanu, ndipo lililonse lili ndi pogwera pake.

Pogwera pakulu ndi pakati pa sitepe yachinayi ndi yachisanu. Anthu ambiri amaganiza kuti ndalama ikangochoka mu foni ndiye kuti mpando wapezeka. Sizili choncho. Foni ya ku ofesi imalandira mauthenga ambirimbiri, wogwira foniyo ndi yemwenso akudula matikiti pa windo, ndipo ngati sanalembe dzina lanu m'buku la mipando, mpando womwewo augulitsa kwa amene waima patsogolo pake. Choncho umboni wa ulendo si uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, koma yankho la kampani lotchula dzina, tsiku, nthawi, pokwerera ndi nambala ya mpando. Kampani yosamala imanena izi poyera: "Musanalandire nambala ya mpando, simunabuke." Ochepa amanena.

Pogwera pena ndi nambala yolipirira. Ndalama ikatumizidwa ku nambala ya munthu, osati ya bizinesi, pamabwera zovuta ziwiri. Choyamba, wokwera amauzidwa kuti awonjezere ya kashi auti, ndipo mtengo umene unalengezedwa sukhalanso woona. Chachiwiri, akuba amapezerapo mpata. N'chapafupi kutsegula tsamba la Facebook lokhala ndi chithunzi cha basi ya eni ake, kuikapo nambala ina, n'kumalandira ndalama za anthu. Wokwera sangasiyanitse ngati kampani yeniyeniyo nayonso imalandirira pa nambala yotuluka dzina la munthu. Nambala ya bizinesi imaonetsa dzina la kampani munthu asanalowetse nambala yake yachinsinsi, ndipo ili ndiye gawo loyenera kulengezedwa mobwerezabwereza: lipirani pokhapokha foni ikaonetsa dzina ili. Nambala zomwezo zilembedwe pa basi, pa tikiti ndi pa khoma la ofesi, ndipo nambala ikasintha mauthenga akale afufutidwe, chifukwa chithunzi cha chaka chatha chimayendabe m'magulu a WhatsApp ndi mitengo yake yakale.

Kusintha tsiku ndi kubweza ndalama ndi gawo limene limalembedwa, ngati lalembedwa, kuseri kwa tikiti, m'tizilembo ting'onoting'ono, m'Chingerezi. Munthu amaliwerenga atalipira kale. Ndipo amene wabuka pa foni tikiti ya pepalayo amaiona tsiku la ulendo. Apa mafunso ndi anayi okha: ndingasinthe tsiku mpaka maola angati basi isananyamuke, kusinthako n'kolipira kapena ayi, ndikalephereratu mundibwezera zingati, ndipo basi ikawonongeka panjira kapena ikalephera kunyamuka muchita chiyani. Funso lomalizali makampani salikonda, koma ndi limene limasonyeza ngati malamulo a tikiti amamanga wokwera yekha kapena mbali zonse ziwiri.

Ulendo wa ku Joni umakulitsa zonsezi. Basi yochokera ku Blantyre imadutsa pa Mwanza kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge mpaka Johannesburg, ulendo wopitirira tsiku lathunthu. Makampani ngati Intercape ali ndi tsamba la pa intaneti pamene munthu amaona mtengo asanagule, koma ambiri oyenda njira imeneyi amabuka pa foni kapena kudzera mwa m'bale amene ali kale kumeneko. Apa wokwera ayenera kuuzidwa ngati mtengo uli mu kwacha kapena mu randi ndiponso akusinthira pa mlingo wanji, makilogalamu a katundu waulere, ndi zimene zichitike pa tikiti yake akabwezedwa pa chipata chifukwa cha mapepala. Obwerera kumudzi mu December amanyamula katundu wambiri, ndipo ndalama ya katundu ingathe kuyandikira ya tikiti. Munthu amene wagwira ntchito chaka chonse sayenera kumva mtengo umenewu koyamba pa depoti ya Park Station ku Joni basi ili pafupi kunyamuka.

Pa depoti ndi pa siteji ya minibasi, wotsatsa matikiti ndi woitanira. Iye amalipidwa malinga ndi anthu amene walowetsa, choncho chimene chili pamtima pake ndi choti mukwere, osati choti mumvetse. "Ikunyamuka pompano" ndi mawu amene aliyense anawamvapo ali m'basi imene inakhala maola awiri injini ikulira. Mtengo umanenedwa pakamwa, umakwera madzulo, umakwera mvula ikagwa, umakweranso munthu akaoneka mlendo. Vuto lalikulu kwenikweni ndi kusinthitsidwa galimoto panjira. Munthu walipira mpaka ku Lilongwe, minibasi yafika pa Ntcheu anthu achepa, kondakitala wawapereka ku minibasi ina n'kupatsana ndalama ndi mnzake, ndipo wachiwiriyo akuti ndalama imene walandira siyokwana. Kapepala kokhala ndi zinthu zinayi kangathetse izi: nambala ya galimoto, tsiku, kumene munthu akutsikira, ndi ndalama imene walipira. Mabasi akuluakulu a pa depoti amadula matikiti, koma si nthawi zonse pamene ndalamayo imalembedwapo, ndipo tikiti yopanda mtengo imateteza kondakitala, osati wokwera. Ngakhale mwini basi amaluza nayo, chifukwa sangadziwe kuti zimene zinalowa m'thumba la kondakitala ndi zingati. MOAM, bungwe la eni maminibasi, limayankhulapo pa za mitengo yatsopano mafuta akakwera, ndipo nkhaniyo imamveka pa wailesi tsiku limodzi. Pepala la mitengoyo litamatidwa pa galasi la minibasi iliyonse likanagwira ntchito miyezi.

Chilankhulo nachonso n'chofunika. Mauthenga ambiri a makochi ali m'Chingerezi, pamene okambirana pa windo amayankhula Chichewa, ndipo ku Mzuzu ndi ku Karonga Chitumbuka. Mawu ngati "non-refundable" munthu angawawerenge osawamva, koma "ndalama sitibweza" aliyense amamva. Kwa osadziwa kuwerenga, uthenga wa mawu wa mphindi imodzi pa WhatsApp wofotokoza mitengo ndi malamulo ungatumizidwe kwa aliyense wofunsa, ndipo wogwira foni sangatope kubwereza zomwezo tsiku lonse.

Malo abwino koposa otsatsira matikiti ndi m'basi momwemo, ndipo sagwiritsidwa ntchito. Anthu okwana 50 kapena 60 akhala pansi maola anayi, onse ndi ogula kale, ambiri adzabwerera njira yomweyo. Basi isananyamuke pamakhala pemphero, wothandiza m'basi amalonjera ndi kunena pamene aime, kenako wailesi ya kanema imayamba nyimbo mpaka kofika. Pakati pa zonsezi mphindi imodzi ikanakwana kunena kuti pali tikiti yobwerera, kuti magulu a kwaya, a ukwati kapena a mpira angapatsidwe mtengo wapadera ngati kampani ili nawo, ndi kuti nambala yoona yolipirira ndi iti. Kapepala komata kuseri kwa mpando uliwonse kangachite zomwezo popanda wina kutsegula pakamwa.

Lamulo loteteza ogula la 2003 limapereka kwa wogula ufulu wouzidwa zoona za chimene akugula, ndipo bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo a anthu amene anamizidwa pa malonda. Bungwe loimira ogula la CAMA komanso bungwe loona za ufulu wa apaulendo la PAWA nawonso amayankhulapo pa za mayendedwe. Koma dandaulo limayenda ngati lili ndi umboni, ndipo umboni wake ndi tinthu ting'onoting'ono timene anthu amataya: tikiti yolembedwa mtengo, uthenga wa malipiro wokhala ndi nambala yake, chithunzi cha uthenga umene kampani inatsatsira, ndi nambala ya basi. Pobuka pa foni, mafunso a mwana, katundu, kusintha tsiku ndi kubweza ndalama ndi bwino kuwafunsa polemba osati poimba, kuti yankho likhale mu foni, ndipo tikiti isatayidwe mpaka katundu yense atatsitsidwa ndi kuwerengedwa.